Mafunso ndi Mayankho: Kuyendetsa Masewera a Nkhani Patebulo

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amavutitsa munthu anzake akamuuza kuti, "Ulendo uno muyendetse ndinu." Ena ndinkadzifunsa ndekha poyamba, ena andifunsa anthu amene ankafuna kuyesa. Mayankhowo ndi mmene ine ndimaonera, ndipo alipo oyendetsa masewera aluso amene angatsutse angapo mwa iwo.

Kodi woyendetsa masewera amachita chiyani kwenikweni?

Patebulo pakakhala anthu asanu, anayi amakhala ndi mtengambali mmodzimmodzi: wina msilikali wopuma pantchito, wina wakuba wodziwa maloko, wina wamatsenga, wina wansembe. Wachisanuyo amatenga zonse zotsala. Mlonda wa pachipata ndi iye, mvula ndi iye, chitseko chokana kutseguka ndi iye, chinjoka chogona pamulu wa golide ndi iye yemwe. Amafotokoza zimene atengambali akuona ndi kumva, kenako amafunsa kuti, "Mukuchita chiyani?" Osewera akayankha, iye amagamula ngati zatheka, zakanika, kapena pakufunika kuponya dayisi. Akafotokoza zotsatira zake amabwereranso ku funso lomwe lija, ndipo zimazungulira choncho kwa maola atatu kapena anayi.

Dzina lake limasintha malinga ndi masewera. Mu Dungeons & Dragons amamutcha Dungeon Master, mu Call of Cthulhu ndi Keeper, mu Vampire: The Masquerade ndi Storyteller, mu Traveller ndi referee. Ambiri amangoti GM, chidule cha Game Master. Mwa maina onsewa ine ndimakonda la referee. Gary Gygax ndi Dave Arneson, amene anatulutsa Dungeons & Dragons mu 1974, anachokera ku masewera a nkhondo oseweredwa ndi tizidole patebulo, kumene kunkakhala munthu wogamula pakati pa mbali ziwiri, ndipo malamulo awo oyamba ankagwiritsa ntchito mawu omwewo. Dzina la Storyteller lasokoneza ambiri, chifukwa limapatsa munthu maganizo oti nkhani ili kale m'mutu mwake, anzakewo angobwera kudzamvetsera. Woyimbira mpira sadziwa amene apambane mpira usanayambe, ndipo GM sayeneranso kudziwa.

Ndiyambe ndi masewera ati?

Amene anzanu ali ndi chidwi nawo. Dungeons & Dragons ndiyo yosavuta kupezera osewera. Mtundu wake wachisanu unatuluka mu 2014, anaukonzanso mu 2024, ndipo malamulo ake oyambira kampani ya Wizards of the Coast inawaika pa intaneti mwaulere. Pathfinder ya kampani ya Paizo, imene inayamba mu 2009 n'kutulutsa mtundu wachiwiri mu 2019, ili ndi malamulo ochulukirapo ndipo imasangalatsa anthu okonda kusankha tinthu ting'onoting'ono ta mtengambali wawo. Call of Cthulhu ya Chaosium, ya mu 1981, ndi ya kufufuza zinsinsi zoopsa, ndipo lamulo lake lalikulu mungalifotokoze m'mphindi imodzi: ngati luso lanu lili pa 60, ponyani madayisi a 1 mpaka 100, mukapeza 60 kapena pansi pake mwakwanitsa.

Zilizonse mungasankhe, musayambe ndi nkhani ya chaka chonse. Yambani ndi ya tsiku limodzi, yokhala ndi atengambali okonzeratu. Ikavuta, mwataya madzulo amodzi okha.

Kodi ndiloweze malamulo onse ndisanayambe?

Ayi. Dziwani zitatu: mmene munthu amayesera chinthu chovuta, mmene nkhondo imayendera, ndi chimene chimachitika mtengambali akavulala kwambiri. Amene wasankha kukhala wamatsenga aphunzire yekha matsenga akewo. Si ntchito yanu kumusenzera.

Pakabuka funso limene simukudziwa, gamulani pomwepo zimene zikuoneka zomveka, nenani kuti mudzaona m'buku mukamaliza, n'kupitiriza. Chigamulo cholakwika pang'ono sichiwononga masewera ngati mmene zimachitira mphindi khumi za anthu anayi akuyang'ana munthu akutsegula masamba. Ngati patebulo pali munthu woloweza malamulo, amene amakonda kukukonzani, musalimbane naye. Mupatseni udindo wofufuza malamulo pamene ena akusewera, koma mugwirizane kuti mawu omaliza ndi anu ndipo mkangano uzidikira masewera athe.

Ndikonzekere bwanji?

Apa ndi pamene oyamba kumene amagwa kwambiri, ndipo sagwa chifukwa cha ulesi. Amagwa chifukwa cha khama lolakwika. Amalemba nkhani yonse: osewera akumana ndi nkhalamba, nkhalamba iwatuma kuphanga, kuphanga apeza kalata, kalata iwalozera kwa mfumu. Mndandanda wotere uli ngati unyolo. Osewera akakana kulankhula ndi nkhalamba ija, zonse zaduka.

Konzani vuto ndi anthu ofuna zinthu, osati njira yothetsera vutolo. Mwachitsanzo, m'tauni ina madzi a m'zitsime ayamba kudwalitsa anthu. Lembani anthu atatu. Mwini mgodi akudziwa kuti antchito ake anaboola manda akale pansi pa nthaka, ndipo akufuna kuti zisamveke. Mkulu wa alonda ali ndi ngongole kwa mwini mgodiyo, koma mwana wake wadwalanso. Mayi wina wochiritsa ndi zitsamba akuimbidwa mlandu wothira poizoni, ndipo akufuna kuthawa usiku womwewo. Aliyense mumulembere mizere iwiri kapena itatu: akufuna chiyani, akuopa chiyani, akudziwa chiyani. Mukatero, kulikonse kumene osewera angalowere muli ndi poyambira, chifukwa funso loti "kodi munthu uyu angachite chiyani tsopano?" lili ndi yankho nthawi zonse.

Kenako lembani zimene zichitike osewera akapanda kuchita kanthu. Tsiku loyamba mayi uja agwidwa. Lachitatu aweruzidwa. Lachisanu chimene chinali m'manda chituluka. Masewera a Blades in the Dark, amene John Harper anatulutsa mu 2017, ali ndi njira yabwino yoonetsera zimenezi: mumajambula bwalo ngati wotchi, n'kuligawa magawo 4, 6 kapena 8, ndipo gawo lililonse likadetsedwa tsoka layandikira. Wotchi imeneyi ikakhala patebulo poonekera, osewera amasiya okha kuzengereza. Mungaibwereke n'kuigwiritsa ntchito m'masewera ena alionse.

Zina zofunika ndi zochepa. Konzani chochitika choyamba champhamvu, kuti musayambe ndi anthu akuyang'anana. Lembani maina makumi awiri opanda eni, chifukwa osewera adzafunsa dzina la munthu amene simunamuganizirepo. Lembaninso zinsinsi zingapo popanda kusankhiratu kumene zidzapezeke, kuti muzizigwetsa kulikonse kumene osewera akukumba.

Ndipo chenjerani ndi kumanga dziko. N'kokoma kwambiri: mafumu a zaka 3,000, zilankhulo, milungu, mapu a nyanja zimene palibe adzawoloke. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tsiku losewera limafika muli ndi mbiri ya maufumu asanu koma mulibe chimene chili kuseri kwa chitseko choyamba. Ola limodzi kapena awiri pa zimene osewera akhudze mkumano ukubwerawo ndi okwanira.

Osewera asiya zonse ndinakonza n'kulowera kwina. Ndichite chiyani?

Ndinakonzapo kachisi wa pansi pa nthaka wa zipinda makumi atatu, milungu itatu ndikujambula. Kuti akafike kumeneko, osewera ankayenera kuwoloka mtsinje, ndiye ndinaika woyendetsa bwato, munthu wopanda ntchito ina iliyonse m'nkhanimo. Wina anamufunsa chifukwa chake akuoneka wokhumudwa. Ine pofuna kungoyankha ndinati bwato lake akufuna kumulanda chifukwa cha ngongole. Basi, kachisi anaiwalika. Anthu anayi anakhala ola lonse akupanga mapulani opulumutsira bwato. Ine ndinapsa mtima chamumtima, ndinabweretsa chimphepo, bwato linasweka, ndipo anakagwera pagombe loyang'anizana ndi khomo la kachisi wanga. Palibe anadandaula. Analowa, anamenya zilombo, anatenga chuma. Koma chimwemwe chimene chinalipo pa nkhani ya bwato sichinabwerere usiku umenewo. Anali atazindikira kuti zosankha zawo zinalibe ntchito.

Osewera amatcha khalidwe limeneli railroading, kuyendetsa anthu panjanji. Sitima sikhota, ndipo wokweramo sangachite china koposa kusuzumira pawindo.

Zikakuchitikirani, pemphani kupuma mphindi khumi. Dzifunseni kuti kumene akupitako kuli ndani, akufuna chiyani, ndipo n'chiyani chingatsekereze osewera. Mafunso atatu amenewa amakwanira ola lathunthu. Ngati mutu waima, nenani poyera kuti, "Kumeneko sindinakonzeko, lero tiyeni uku, ulendo wamawa tidzapita kumene mukufunako." Anthu amalandira zimenezi bwino kuposa chimphepo chabodza. Zimene munakonza sizitayika, zipinda za kachisi zingadzakhale zipinda za pansi pa nyumba ya wokongoza ndalama uja.

Pali malire ake komabe. Kusamutsa chinthu chimene osewera sanachimvepo palibe vuto. Koma ngati amva kuti njira ya kumpoto kuli achifwamba, asankha ya kumwera kuti awapewe, inu n'kusamutsira achifwambawo kumwera, mwawabera.

Mankhwala osavuta kwambiri ndi kufunsa pomaliza mkumano uliwonse kuti, "Ulendo wamawa mukufuna kukachita chiyani?" n'kukonza zimenezo.

Dayisi iziponyedwa liti?

Pokhapokha ngati chinthucho chingatheke, chingakanike, ndipo kukanikako kuli ndi zotsatira zake. Msilikali wamphamvu akuthyola chitseko chofumbwa popanda womuthamangitsa, chitseko chithyoke basi. Munthu akufuna kulumpha phompho la mamita makumi atatu, muuzeni kuti sizingatheke, musamupatse dayisi, chifukwa akapeza 20, nambala yaikulu kwambiri pa dayisiyo, adzayembekezera kuuluka.

Ndi bwino kudziwa masamu pang'ono. Pa dayisi ya mbali 20 nambala iliyonse ili ndi mwayi wa 5 peresenti. Mu Dungeons & Dragons chinthu chosavuta chimafuna 10, chapakati 15, chovuta 20, mutaphatikiza dayisi ndi luso la mtengambali. Lamulo la advantage, loponya madayisi awiri n'kutenga yaikulu, ndi lamphamvu kuposa mmene limaonekera: munthu wofuna 11 kapena kuposa amachoka pa 50 peresenti n'kufika pa 75.

Masamu amene ambiri sawaona ndi a kuponya kambirimbiri. Tinene kuti anthu anayi akuzemba alonda, aliyense ali ndi mwayi wa 75 peresenti. Zikumveka bwino. Koma ngati kulephera kwa mmodzi kukudzutsa alonda, mwayi woti onse anayi adutse ndi pafupifupi 32 peresenti yokha. GM amaganiza kuti wawapatsa chinthu chapafupi, pamene wawatchera msampha. N'chifukwa chake pali lamulo loti gulu likamayesa chinthu limodzi, theka likakwanitsa ndiye kuti onse akwanitsa. Chimodzimodzi wokwera khoma: mukamuponyetsa dayisi pa mamita atatu alionse, mapeto ake agwa ndithu.

Dayisi ikakana, nkhani imaima. Pali njira yopewera zimenezi?

Ilipo. "Walephera, palibe chachitika" ndi yankho loipa kuposa onse, chifukwa wosewera amangoti ayeserenso, kapena mnzake amati ayese iye, mpaka wina apeze nambala yabwino. Kulephera kuzisintha zinthu. Loko watseguka koma chida chathyokera momwemo. Watseguka koma mochedwa, mapazi a alonda akumveka kale. Sanatseguke ndipo galu wayamba kuuwa.

Masewera a Apocalypse World a mu 2010 anamanga malamulo awo pamfundo imeneyi. Mumaponya madayisi awiri a mbali 6. Mukapeza 10 kapena kuposa mwakwanitsa, 7 mpaka 9 mwakwanitsa koma pali cholipira, 6 kutsika pansi GM amabweretsa vuto. Mwa njira 36 zimene madayisi awiriwo angagwere, 15 zimagwera pakatipo, ndiye nthawi zambiri osewera amapeza chimene akufuna chili ndi minga. Maganizo amenewa mungawatengere ku masewera alionse.

M'nkhani zofufuza vutoli limakula. Ngati umboni umodzi wokha ndi umene ukuloza wakupha, ndipo kuti aupeze akufunika dayisi yabwino, tsiku lina dayisi idzakana ndipo nkhani idzafera pomwepo. Justin Alexander analemba lamulo limene ambiri amatsatira: pa mfundo iliyonse imene mukufuna kuti osewera aizindikire, ikani maumboni atatu. Woyamba sadzauona, wachiwiri adzautanthauzira molakwika, wachitatu mwina udzawafikitsa. Masewera a GUMSHOE a Robin Laws anangochotseratu dayisi pamenepo: amene ali ndi luso loyenera akafufuza pamalo oyenera, umboni waukulu amaupeza. Chokoma m'nkhani yofufuza ndi kukangana za tanthauzo la umboni, osati kuusowa.

Kodi n'kulakwa kunama za dayisi kuseri kwa chotchinga chimene GM amabisira madayisi ake?

Funso limeneli limagawanitsa oyendetsa masewera kwambiri. Ena amati ntchito yawo ndi kusangalatsa anthu, ndiye ngati dayisi ikufuna kupha mtengambali mopanda tanthauzo m'mphindi zoyamba, amanena nambala ina. Ndikuwamvetsa, ndipo ndinkachita nawo.

Ndinasiya chifukwa osewera amazindikira. Sangakugwireni tsiku limenelo, koma pakapita miyezi amaona kuti chilombo chimaphonya nthawi zonse wina akatsala pang'ono kufa. Kuyambira pamenepo nkhondo iliyonse ndi sewero chabe, ndipo ngakhale kupambana kwawo kwenikweni amakukayikira. Masiku ano ndimaponya poyera. Ndikaona kuti ndalakwitsa poika adani amphamvu kwambiri, pali njira zina zoonekera: adani angafune kugwira akaidi m'malo mopha, angafune katundu yekha, angapereke mpata wothawa. Ngati mwasankha kumanama, funsani gulu lanu masewera asanayambe ngati likuvomereza zoterozo.

Mkumano wa ziro n'chiyani?

Ndi kukumana koyamba kumene simusewera, mumangokambirana. Nkhani ikhala yoseketsa kapena yoopsa? Atengambali akudziwana bwanji, ndipo n'chiyani chikuwayendetsa limodzi? Kodi n'zololedwa kuberana kapena kumenyana okhaokha? Tizikumana kangati, ndipo wina akajomba titani? Mikangano yambiri imene imaphwasula magulu pa mwezi wachitatu ikanatha m'mphindi makumi atatu pa tsiku limeneli.

Mukambiranenso zimene anthu sakufuna kuziona. Ron Edwards anatchukitsa njira ya mizere ndi makatani. Mzere ndi chinthu chimene sichidzalowa n'komwe m'nkhani, katani ndi chimene chingachitike koma osachifotokoza mwatsatanetsatane. John Stavropoulos anayambitsa X-Card, kakhadi kolembedwa X koikidwa pakati pa tebulo. Aliyense akakagwira, chimene chikufotokozedwacho chimasiyidwa popanda kufunsa chifukwa. Ena amaona ngati n'zosafunika pakati pa mabwenzi, koma ngakhale mnzanu wa zaka khumi simudziwa zonse zimene anakumana nazo pamoyo wake.

Osewera akhale angati?

Atatu mpaka asanu. Anayi ndiye pabwino. Akafika asanu ndi awiri, munthu amadikira nthawi yaitali kuti alankhule ndipo mafoni amayamba kutuluka m'matumba. Ndi bwino kugawa magulu awiri.

Mmodzi amalankhula yekha, wina amangokhala chete. Nditani?

Musamafunse gulu lonse kuti "mukuchita chiyani?" chifukwa woyankha amakhala yemweyo nthawi zonse. Funsani munthu mmodzimmodzi pomutchula dzina la mtengambali wake. Wolongolola akayamba, mumveni, kenako nenani kuti, "Chabwino, inu mukupita kukhomo. Pamene akutero, nanga inu muli pati?" Aliyense anene zofuna zake musanagamule chilichonse.

Koma si chete aliyense amene ali wodandaula. Alipo anthu amene amasangalala kumvetsera, n'kulankhula kawiri usiku wonse, ndipo amabwera mkumano uliwonse osajomba. Mufunseni pambali. Akati ali bwino, mukhulupirireni.

Vuto lenileni ndi munthu amene amawononga za anzake n'kumati, "Ndi mmene mtengambali wanga alili." Mtengambaliyo anamupanga ndi iye, ndipo angamusinthe. Musayese kumulanga m'nkhani pomugwetsera miyala kapena kumutumizira alonda osagonjetseka. Vuto la munthu weniweni limathetsedwa polankhula ndi munthuyo, awiri, masewera atatha. Akapanda kusintha, muuzeni kuti gulu ili silikumuyenera. N'zowawa, koma mukamusunga, amene achoke mwakachetechete ndi anthu abwino aja.

Sinditha kusintha mawu ngati amene ndimawaona pa intaneti. Kodi ndingathe kuyendetsa masewera?

Mungathe. Matthew Mercer ndi anzake a Critical Role, amene anayamba kuonetsa masewera awo mu 2015, kusintha mawu ndiyo ntchito yawo imene amalandirira malipiro, ndipo amasewera akudziwa kuti anthu akuonera. Kudziyerekeza ndi iwo n'kudzizunza chabe. Mungathe kungonena kuti, "Mlondayo akuyankha monyinyirika, maso ali pathumba lanu la ndalama," ndipo aliyense wamuona kale munthuyo. Chimene osewera amakumbukira ndi chimene munthu ankafuna komanso kachizolowezi kamodzi: amene amabwereza mawu omaliza a mnzake, amene sayang'ana munthu kumaso, amene amawerenga ndalama kawiri.

Nkhondo zikutenga nthawi yaitali ndipo anthu akutopa. Ndifupikitse bwanji?

Mu Dungeons & Dragons kuzungulira kumodzi kwa nkhondo, pamene aliyense amachitapo kanthu kamodzi, ndi masekondi 6 m'nkhani, koma patebulo kungadye mphindi makumi awiri. Lengezani amene akubwera pambuyo pa amene akusewera, kuti aganiziretu. Dayisi yomenyera ndi yovulazira ziponyedwe limodzi. Adani ofanana aziyenda nthawi imodzi.

Chachikulu n'chakuti adani ambiri safuna kufa. Achifwamba akaona mtsogoleri wawo wagwa amathawa, chilombo chikavulala chimabwerera kuphanga. Zikaonekeratu amene apambane, malizani ndi mawu, musadikire kuti mdani womaliza athe magazi. Ndipo nkhondo imakoma pakakhala cholinga china kuposa kuphana: mlatho ukugwa, wandende akumuthawitsa, moto ukuyandikira migolo ya mafuta. Anthu awiri oima malo amodzi n'kumasinthana nkhonya satenga nthawi kutopetsa.

Mtengambali akafa?

Zimadalira zimene munagwirizana pa mkumano wa ziro. Masewera akale sankanyengerera, moti mu Traveller ya mu 1977 mtengambali ankatha kufa mukadali pomupanga, masewera asanayambe n'komwe. Dungeons & Dragons ya masiku ano imapereka mpata: wokomoka amaponya dayisi ya mbali 20 nthawi yake ikafika, 10 kapena kuposa ndi bwino, ndipo amafa akalephera katatu asanakwanitse katatu.

Chofunika n'chakuti ngozi izioneka isanagwe. Mafupa pakhomo la phanga, anthu a m'tauni okana kutchula dzina la chilombo, kapena inu kunena mosabisa kuti, "Ukagwa apa, wafa. Ukulumphabe?" Imfa yotere wosewera amaivomereza, nthawi zina amainyadira. Ikachitika, imani pang'ono, mupatseni mawu omaliza, anzake achitepo kanthu. Kenako mulowetseni msanga ndi mtengambali watsopano. Asakhale maola awiri akuonerera chifukwa choti nkhani sinafike pomulandirira.

Kusewera pa intaneti kumasiyana bwanji?

Zida zilipo, mapulogalamu ogwira ntchito ngati tebulo pakompyuta: Roll20 kuyambira 2012, Foundry kuyambira 2020, ndipo ambiri amalankhulana pa Discord. Chimene chimasintha n'chakuti anthu awiri sangalankhule nthawi imodzi, ndipo nkhope simuziona bwino, ndiye muyenera kutchula maina pafupipafupi kuposa patebulo. Anthu amatopanso msanga, maola awiri ndi theka kapena atatu akwana. Musathe mlungu wonse mukukongoletsa mapu pakompyuta. Chithunzi chimodzi ndi mawu omveka bwino zimagwira ntchito.

Gulu langa likutha chifukwa anthu sapezeka tsiku limodzi. Pali chochita?

Nkhani zazitali zambiri sizithera pa chinjoka, zimathera pa "sabata ino sindipezeka". Sankhani tsiku lokhazikika m'malo mofunsana mlungu uliwonse. Gwirizanani chiwerengero: mwa asanu, atatu akapezeka timasewera. Mtengambali wa amene wajomba angotsalira kumsasa, palibe chifukwa chofotokozera zambiri. Mukayamba kuimitsa masewera chifukwa cha munthu mmodzi, kawiri kokha kotsatizana n'kokwanira kuti chizolowezi chife.

Ngati anthu anu ndi otanganidwa kwambiri, yesani njira imene Ben Robbins anaitcha West Marches. Osewera amakhala ambiri, palibe gulu lokhazikika, amene apezeka ndi amene amapangana tsiku ndi kumene akufuna kupita, n'kumuuza GM. Ulendo umayambira m'tauni n'kukathera m'tauni momwemo. Kapena lonjezani nkhani ya mikumano isanu ndi umodzi yokha. Anthu amasunga lonjezo limene akuona mathero ake.

Ndatopa, kukonzekera kwasanduka ntchito. Ndisiye?

Pumulani. Uzani gulu, wina ayendetse nkhani ya tsiku limodzi inu musewere. Gawaninso ntchito: wina azikumbutsa za tsiku, wina azilemba zimene zachitika, wina azisunga mndandanda wa katundu wa gulu. Palibe lamulo loti zonsezi zikhale pamutu pa GM.

Mkumano ndiuthetse pati?

Anthu asanatope, ndipo pamene pali funso lopanda yankho. Ziyang'anani nthawi. Kukatsala mphindi makumi atatu musayambitse nkhondo yaikulu, fufuzani poimira: chitseko chatseguka ndipo mkatimo muli munthu amene ankaganiza kuti anafa, kalata yawerengedwa, gulu laima pamphambano likukangana. Imani pomwepo ngakhale akuchonderera kuti mupitirize. Ngati nthawi yatsala, funsani aliyense chimene chamusangalatsa ndi chimene akufuna kudzaona, chifukwa mayankho awo ndi theka la kukonzekera kwanu.

Musanagone usiku womwewo lembani mizere isanu: amene akumana nawo, zimene alonjeza, amene amukwiyitsa, zimene atenga, ndi maina onse amene munapeka pomwepo. Mainawo ndiye musawaiwale. Woyendetsa bwato uja ndinamupatsa dzina mongolota, sindinalilembe, ndipo patapita miyezi inayi osewera anabwerera kumtsinje kukamufuna. Onse anayi ankalikumbukira, ine ndekha ndi amene ndinachita kufunsa.